Tebulo Lapita Kukhitchini

Tandiuzani inu amene mumati munapita kusukulu: kanthu kanga aka kalibe mwendo, kalibe tikiti, koma kamafika kutauni mwini wake akadali pakhonde akukanda chidendene. N'chiyani? Mwati wailesi? Mwalemba m'madzi. Mwati maloto? Mwatsala pang'ono. Ndi lilime la a Ndinaliko.

Dzinalo anapatsidwa chifukwa ukatchula malo alionse, iwo amangoti, "Ndinaliko." Ukatchula kumwamba amayamba akhosomola kaye, koma sakana. Ndiye anthu asanu ndi mmodzi atapangana ulendo wokaona mzinda waukulu, a Ndinaliko anadzisankha okha kukhala otsogolera, ati anakhalako zaka zisanu ndi ziwiri. Pagulupo panali Mai a Buledi, mayi wamasiye amene a Ndinaliko anakhala akuwafunsira banja chaka chathunthu. Maiwo anali atanena poyera kuti, "Mukatidyetse pamalo paja mumati amakudziwani. Ndikakhuta, ndikuyankhani lero lomwe."

Dzuwa litafika paliwombo, enawo anatsala pamlatho waukulu akujambulitsa, ndipo a Ndinaliko anatsogola kukagwira malo pamodzi ndi alamu awo, a Kalipentala. A Kalipentalawa ndi munthu wosadziwa kuti mawu amakhota. Ukawauza kuti wafa ndi njala, amatulutsa tepi kuti akuyeze bokosi.

Anazungulira msewu umodzi katatu. Kachinayi a Ndinaliko anaona kuseri kwa galasi tebulo lalikulu, mbale zoyalidwa bwinobwino, matambula, ndi dengu la zipatso pakati. "Ndi pano!" Anaimbira anzawo foni kuti akamaliza abwere pakhomo lagalasi loyang'anana ndi wotchi yaikulu. Inu ndikunong'onezeni, musawauze: munali mogulitsa mipando ndi makama. Chikwangwani chinalipo, koma a Ndinaliko magalasi awo amaiwalika tsiku lililonse lokhala ndi chowerenga, ndipo a Kalipentala amawerenga manambala okha.

"Khalani, alamu. Apa ndi pamalo panga penipeni, pafupi ndi zenera."

A Kalipentala anakhala, mpando unalira kuti tswee. "Alamu, mpandowu sanauvule pulasitiki."

"Ukhondo umenewo. Kuno thako la munthu silikhudza nsalu."

"Oho." Anawerama, anagogoda mwendo wa tebulo, ananunkhiza. "Tebuloli sanadyerepo munthu."

"Ha! Ine ndadyerapo kangati?"

"Kaya. Koma guluu akadanunkha. Kunsiku kulibe mafuta, kulibe chingamu, kulibe ndi pomwe mwana anapukutira mamina."

"Ana a kuno alibe mamina."

"Amapita kuti?"

"Amawachotsa kuchipatala akangobadwa. Dzukani pansipo, mukundichititsa manyazi."

A Kalipentala anadzuka atagwira kapepala kolendewera pa ulusi. "Nanga aka?"

"Nambala ya tebulo, kuti woperekera zakudya asasokere."

"Ziro zinayi kumapeto?"

"Matebulo ndi ambiri."

"Ndawerenga. Alipo asanu ndi anayi."

"Ena ali pamwamba."

"Pamwambapo ndikuona makama okhaokha."

"Eya! Ukakhuta umagona. Mukuyesa ndi kwathu kuja komwe munthu amatafuna akuthamangira basi?"

A Kalipentala anayang'ana makamawo, ondandalikana ngati mizere ya m'munda. "Chipinda chimodzi? Mwamuna apa, mkazi wa mwini apo, popanda ndi katani yomwe?"

"Chitukuko, alamu."

"Ndiye alongo anu sindidzabwera nawo."

Mimba ya a Kalipentala inalira ngati sowo pathabwa lonyowa. Chidzukireni anali atangomwa tiyi, ndipo anali atakwera masitepe mazana awiri a nsanja ina ya mumzindamo kuti akaone madenga a anthu. Anatukula mphuno kumanja, kumanzere.

"Alamu, anyezi sakumveka."

"Fungo amalikokera kuseri ndi makina."

"Ntchentche?"

"Zinaletsedwa."

"Zimamva?"

"Za kuno n'zophunzira."

Apo panatulukira mayi wina wojintcha, makiyi ali wayawaya m'chiuno. Anali mwini sitolo. "Takulandirani, mabwana. Mwalikonda?"

"Monga mwa masiku onse, mayi!" anatero a Ndinaliko, akutsinzina diso limodzi. "Tilipo asanu ndi mmodzi. Enawo akubwera."

"Ili ndiye lili ndi mwini wake kale, koma musadandaule, ndikuthandizani." Foni inalira m'thumba mwawo. "Pepani, ndidikireni pang'ono." Anapita.

A Ndinaliko anatukumula chifuwa. "Mwaona mmene andimwetulira? Zaka zonsezi, sanandiiwale."

"Sanakutchuleni dzina."

"Ulemu. Kuno bwana satchulidwa dzina."

"Inenso anandimwetulira."

"Chifukwa muli ndi ine."

"Oho. Ndikasambe m'manja."

Pakona panali khitchini yonyezimira, yopanda chitseko, yopanda wophika. A Kalipentala anakhalako kanthawi, kukumveka kutsegula ndi kutseka, ndipo anabwerako manja ali gwaa.

"Alamu, mpopi sukutuluka madzi."

"Simudziwa kupotokola."

"Ndapotokola mpaka wazuka. Kunsi kulibe paipi."

"Mwaubwezera?"

"Ndaubwezera bwino kuposa mmene unalili. Koma paipi kulibe."

"Madzi a kuno amabwera ngati mawu a pafoni, opanda chingwe."

"Ndiye netiweki yavuta." Anakhala pansi, mpando tswee. "Mufiriji muli kabuku kokha. Chitofu chingwe chake n'chokulunga, sanachimasule n'komwe. Poto ndamuvundukula, muli pepala."

"Mwavundukula poto wa eni? Alamu, mudzandiphetsa! Imeneyo ndi khitchini yoonetsa alendo. Yeniyeni ili kwina."

"Kuti?"

"Kwina."

A Kalipentala anakhulupirira, poti iwo mzinda anali asanaupondepo, koma mimba sinakhulupirire. Dzanja linapita lokha kudengu la zipatso, linabwerako ndi apozi wofiira psuu. Anamuyeza m'manja. Anamugogoda patebulo: kho, kho, kho.

"Uyu mulibe kanthu m'kati."

"Mtundu wa kuno umenewo. Sulemetsa m'mimba."

"Ali ndi msoko pakati."

"Ndi pomwe amalumikizira mbewu ziwiri. Kodi inu za ulimi wamakono munamvako?"

"Ayi. Amadyedwa bwanji?"

"Ngati apozi aliyense!"

"Idyani ndionereko."

A Ndinaliko anamuyang'ana apoziyo, anayang'ana kukhomo, anayang'ananso apoziyo. Mano awo anatsala anayi akutsogolo, ndiponso anayiwo sagwirizana kolowera. Koma munthu wamakani, ana inu, ali ngati mbuzi yolowetsa mutu m'chitini: kubwerera kumbuyo sadziwa. Analuma. Kunamveka kuti kwii! Msozi unatsika diso limodzi.

"Eee! Kukoma kwake! Ndakumbuka unyamata wanga."

"Simunabenthule."

"Kuno amayamba ayamwa kaye."

"Mpaka liti?"

"Mpaka afewe."

"Ndiye wanga ndimuyamba wanu akafewa."

A Ndinaliko asanayankhe, panafika azibambo awiri amaovololo, manja ngati mitanda ya denga. "Pepani, mabwana." Anachotsa mbale, anachotsa matambula, anachotsa dengu. Wina uku, wina uku, tebulo nyamu! Linadutsa pamwamba pa maondo a alamu awiriwo n'kumapita. Anatsala akuyang'anana, pakati pawo pali kapeti yokha.

"Alamu, tebulo lapita."

"Ndaona! Ndili ndi maso!"

"Lapita kuti?"

"Kukhitchini." A Ndinaliko anapukuta thukuta ndi apozi. "Kuno sabweretsa mbale imodziimodzi ngati pamaliro. Amanyamula tebulo lonse, kukalidzaza, n'kubwera nalo likufuka nthunzi."

"Aa! Zimenezo ndiye nzeru. Ndikaone."

"Khalani pansi!"

Koma a Kalipentala anali atafika kale pakhomo. Anaima pamenepo manja kumbuyo, kenaka anabwerera.

"Alamu, tebulo lakwera lole."

"Ndinakuuzani kuti khitchini yeniyeni ili kwina."

"Alimanga ndi zingwe."

"Kuti msuzi usadzatayike pobwera."

"Aligoneka chagada, miyendo m'mwamba."

"Popita! Popita limapita chagada!"

"Oho."

Amaovololo aja anabweranso. Ananyamula mipando inayi, iwiri iwiri. Anabweranso, anaima pamaso pa a Kalipentala, ndipo iwo anadzuka mwaulemu, anawathandiza ndi kunyamula komwe, n'kuwauza kuti mwendo wakumbuyo ukufunika kumangitsa. Atafika kwa a Ndinaliko anapeza munthu atakola mapazi kumiyendo ya mpando, dzanja lina lagwira kunsi, lina lagwira apozi.

"Mipandonso imakadzazidwa?" anafunsa a Kalipentala.

"Imakatenthetsedwa!"

"Nanga wanuwo bwanji mukuukaniza?"

"Ine ndimakonda wozizira!"

Nthawi yomweyo chitseko chagalasi chinatseguka, Mai a Buledi analowa, nsapato zili m'manja, anzawo atatu pambuyo, onse milomo itauma. Anapeza a Ndinaliko atakhala okha pakati pa kapeti ngati mkwati wothawidwa, azibambo awiri atawaimirira uku ndi uku.

"Kodi chakudya chija?" anatero Mai a Buledi.

"Chikubwera, Mai, chikubwera! Fikani, khalani."

"Tikhale pati?"

"Musadandaule, Mai," anatero a Kalipentala. "Tebulo lapita kukadzazidwa. Lili pa lole panjapo."

Mwini sitolo anatulukira akuika foni m'thumba. "Bambo, chonde, mpandowo ndi wa tebulo lija. Dalaivala akudikira inu."

"Mayi, mwabwera bwino," anatero a Kalipentala. "Likamabwerera, mbali yanga mundiikireko nkhuku. Ntchafu. Ndipo mpopi wanu uja mulibe netiweki."

"Nkhuku?" Mayiwo anayang'ana uyu, anayang'ana uyo, anayang'ana apozi. "Bambo, muno timagulitsa mipando ndi makama."

Wina mwa anzawo anayamba kugwedezeka mapewa pobisa phwete.

"Mwasintha liti?" anakuwa a Ndinaliko. "Nthawi yanga muno munali mapoto okhaokha! Ophika khumi! Utsi mpaka kumsewu!"

"Sitoloyi anatsegula ndi agogo anga, bambo. Muno simunawirepo ngakhale madzi a tiyi."

"Ndiye ndi agogo anuwo amaphika mobisa!"

Pamenepo mtsuko wa phwete unasweka. Anzawo aja anagwirana kuti asagwe, wina anakagwera pa sofa ya eni, amaovololo anakhala pansi pakapeti akumenya ntchafu, mwini sitolo makiyi ali wayawaya, misozi ili mbwembwembwe. A Kalipentala okha ndiwo sanaseke. Iwo amaganiza za ntchafu ya nkhuku ija.

A Ndinaliko anaimirira kuti ayankhe, ndipo mpando unachoka kumbuyo kwawo asanatsegule pakamwa. Anatsala ndi apozi yekha. Anamukweza m'mwamba.

"Sekani! Koma chipatso ichi n'chenicheni! Ndachidya zaka zisanu ndi ziwiri!"

Mai a Buledi anavala nsapato zawo mosapupuluma. Anatenga apoziyo, anamutembenuza, anaona timaenje tinayi tosalunjika, anamugogoda ndi chikhadabo. Kenaka anamubwezera m'manja mwa mwini wake, n'kuwapindira zala bwinobwino.

"Yankho lija, bambo. Malizani ameneyu, ndi phesi lomwe. Mukameza komaliza, ine ndavomera."

A Kalipentala anayandikira. Anamuyang'ana apoziyo monga amayang'anira thabwa lamfundo, anawasuzumira alamu awo m'kamwa, anawerenga ndi chala, anapukusa mutu.

"Mai, ntchito imeneyi si ya lero. Ndikanati mukhale pansi podikira, koma mpando wanu wapita kukatenthetsedwa."