A Ulusi Wofiira Ndinasankha Ndine

Ine, Lorenso Fombe, wa m'mudzi mwa Mthumba, Mfumu Yaikulu Tengani, m'boma la Nsanje, mlimi wa mapira ndi thonje, komanso wosema ndi kuimba ulimba, choimbira chathu cha mitengo yogogoda, ndikunena izi mwa kufuna kwanga. Pachiphaso changa analemba zaka 74, koma wolembayo anangondiyang'ana kumaso. Kusukulu sindinapiteko. Palibe wandiitana kuno kupolisi. Ndabwera ndekha pa njinga yanga chifukwa cha Luisa Semba, amene mukumusunga pa mlandu wakuti anagulitsa mahedifoni a feki kwa Hilario Jofesi.

Luisa si mbale wanga. Ali ndi kashopu ka mafoni ndi mawailesi pamsika wa Tengani, ndipo katundu wake amakatenga yekha ku Joni pa basi. Hilario ndi wa m'mudzi mwathu, amajambula makwaya pa kompyuta yake. Chaka chatha anayamba kubwera kwanga kudzajambula nyimbo zanga, akuti zisatayike ine ndikadzafa. Ndinamuuza kuti sindikufa msanga, komabe ndinamulola.

Nthawi imeneyo anali ndi mahedifoni ena amene anagula pansi pa mtengo ku Nchalo. Amenewo ndiwo anali a feki, mwiniwake yemwe ankanena. Anali opepuka ngati phesi louma, ndipo chikopa chake chinasupuka ndi kutentha n'kumatsalira m'makutu. Nditawavala ndinamva ulimba wanga ukulira ngati munthu akugogoda chitini. Ndinamuuza kuti asadzandiikenso chinthu chimenecho kumutu. Ndiye anapita kwa Luisa kukamutuma kuti amutengere enieni ku Joni, a mtengo wapatali.

Mwezi watha, tsiku la msika, dzuwa lisanafike pamutu, Hilario anandipeza kunyumba ali ndi kompyuta yake m'chikwama. Anati: "Madala, tiyeni mukandisankhire. Khutu lanu ndi limene ndimalikhulupirira." Tinapita tonse.

M'shopumo tinali atatu: ine, Hilario ndi Luisa. Luisa anandipatsa mpando wake, iye n'kuima. Pashelefu panali mahedifoni awiri a mtundu umodzi, aliwonse m'bokosi lake. Pa amodziwo anali atamangapo ulusi wofiira. Iye anatsitsa opanda ulusi aja okha.

Ndinawanyamula. Anali olemera bwino. Chitsulo chake chinali chozizira m'manja ngakhale kunja kunkatentha, ndipo chikopa chake chinali chofewa ngati khutu la kambuzi kongobadwa kumene. Nditawavala, msika wonse unatsekeka, chigayo chomwe chili kuseri kwa shopuyo sindinachimvenso. Hilario anayatsa nyimbo yanga. Ndinamva mtengo uliwonse pawokhapawokha. Ndinamva kupuma kwanga, chidendene changa chikugunda pansi, ndi njiwa imene inkalira mum'bawa tsiku limene ankandijambula. Amene anapanga chinthu chimenecho ndi mmisiri. Lembani choncho.

Koma chimodzi chinaperewera, ndipo ndifotokoze kuti mumvetse, poti inu bwana mwati sindinu a kuno. Pansi pa mtengo uliwonse wa ulimba pamakhala chipanda. Pachipandapo timaboola kabowo n'kumatapo kachikopa koyera kaja kangaude amasungiramo mazira. Kameneko ndi kamene kamanjenjemeretsa mawu kuti nziii. Ulimba wopanda nziii kwathu kuno palibe amauvinira, timati sunathe kupangidwa. M'mahedifoni oyambawo nziii analimo, koma pang'ono, ngati akumvekera kuseri kwa nyumba.

Ndinaloza a ulusi wofiira aja. Luisa anati: "Baba, amenewo asiyeni. Khutu lakumanzere lili ndi vuto, anatuluka choncho ku fakitale. Ndinazindikira nditafika kale kuno. Ndamangapo ulusi kuti ndisawagulitse, ndikabweza ulendo uno." Mawu amenewa ndikuwakumbukira bwino. Hilario anali atawerama pafupi kwambiri, phewa lake likukhudza langa, ndipo anamva.

Ndinati kumvera si kugula, anditsitsire. Ananditsitsira. Kulemera kwake kunali kumodzi ndi oyamba aja, chikopa chimodzi, fungo limodzi. Kumanja ankalira chimodzimodzi. Koma kumanzere, nyimbo ikafika pa mitengo ikuluikulu, nziii ankatuluka wodzaza, mpaka kunyerenyetsa m'khutu, monga ndimaumvera ulimba ndikakhala pamwamba pake. Ndinawavula n'kunena kuti abwino ndi awa.

Luisa anaseka atagwira pakamwa. Anati: "Baba, kumeneko si kukoma, ndi kuwonongeka." Ine ndinati: "Mwanawe, ndinayamba kumata zipanda amayi ako asanamere mano." Iye anati: "Zipanda inde, Baba, koma izi si zipanda." Anauza Hilario kuti ayatse nyimbo ya kwaya kuti timve kuti kunjenjemerako kuli m'mahedifoni, osati mu ulimba. Anayatsa. Amuna oimba besi nawonso ananjenjemera. Ndinati kwayayo yayamba kukoma tsopano.

Luisa anawabwezera m'bokosi n'kuliika pansi pa tebulo. Kameneka kanali kachiwiri kukana. Pamenepo ndinauza Hilario kuti akatenga enawo asabwerenso kudzandijambula. Hilario anakanda m'mutu, n'kunena kuti: "Mayi, ndipatseni a ulusiwo. Madala anena." Luisa anatulutsa bokosi lija pansi pa tebulo. Kenaka anati: "Chabwino. Koma ndakuuzani pamaso pa Baba kuti ali ndi vuto. Mukatopa nawo mubwere nawo tidzasinthe. Enawa sindigulitsa, ndikusungirani." Za ndalama sindinazione, ndinatuluka kukamasula njinga yanga. Ulusiwo Luisa sanauchotse. Hilario anauchotsa yekha panjira n'kuutaya pafupi ndi mjigo.

Kuchokera pamenepo wabwera nawo kwanga kangapo kudzajambula. Ndinkawavala nthawi zonse akamaliza. Kutentha konse kuja chikopa sichinasupuke, chingwe sichinaduke. Hilario sanadandaulepo chilichonse ine ndikumva.

Sabata yatha anapita ku Blantyre kukakonzetsa nyimbozo ku situdiyo. Zimene zinachitika kumeneko sindinazione, anandiuza yekha atabwerako Lachisanu madzulo. Anandipeza ndikusema pakhonde ndipo anakana kukhala pansi. Anati: "Andiseka, madala. Situdiyo yonse. Akuti ndagula feki wa pamsewu." Ndinamufunsa ngati munthu wa kusitudiyoyo anawamasula n'kuona m'kati. Anati ayi, anangowavala, n'kumva kumanzereko, n'kuitana anzake. Ndinamufunsa ngati anawauza amene anasankha. Anangokanda m'mutu.

Ndinamuuza kuti apite kwa Luisa akatenge ena aja. Anati ngati awa ndi feki, enawonso ndi feki. Ndinamuonetsa mtengo umodzi wa mlombwa umene unang'ambika pa ulimba umene ndinasemera anthu a kwa Ndamera. Eniakewo anabwera nawo, ndikuwasemera wina. Ndinamufunsa ngati chifukwa cha mtengo umodziwo ulimbawo waleka kukhala wa Lorenso. Iye anati: "Madala, inu musalowemo." Anakwera njinga yake n'kumapita.

Dzulo ndinapita kumsika ndipo ndinapeza shopu ya Luisa ili ndi loko. Amayi ogulitsa nsomba ndiwo anandiuza kuti apolisi anamutenga dzana, ndipo mwana wake wamng'ono akugona kwa anansi. Anati potuluka sanakangane ndi munthu, anangotseka bwinobwino n'kutsogola yekha.

Lero m'mawa ndafika kuno. Bwana wa pakauntala anandilola kulankhula ndi Luisa pachitseko. Ndinamufunsa ngati wakuuzani kuti anakana kugulitsa. Anati wanena, koma Hilario akuti sanamve za vuto lililonse, ndipo inu mukufuna mboni. Ndinamufunsa chifukwa chake sananditchule, poti ndinali pampando wake womwe. Anayang'ana pansi n'kunena kuti: "Baba, ndikanati chiyani? Kuti khutu lanu linalakwa? Mawa lake msika wonse ukanamva. Inu anthu amakuitanani kumaukwati ndi kumaliro chifukwa cha khutu lomwelo." Ndinamufunsa ngati akanakhala chete mpaka kukhoti. Anati amayembekeza kuti Hilario akumbukira yekha. Kenaka anandifunsa ngati ndadya, poti ndachokera kutali.

Mwandifunsa ngati ndikudziwa kuti mahedifoniwo ndi enieni. Zilembo za pabokosi sinditha kuwerenga, ndipo ku Joni sindinali naye. Chimene ndikudziwa n'chakuti a feki ndinawagwirapo ndipo awa sali choncho. Anzake ali m'shopu muja mpaka lero. Pitani ndi Luisa akakutsegulireni, muwaike pamodzi, muitane aliyense amene mumamukhulupirira awaone. Koma mlandu wanu ndi wakuti Luisa ananyenga Hilario. Sanamunyenge. Ananena vutolo asanafunsidwe, anakana kawiri, ndipo anasunga abwinowo osagulitsa ngakhale ndamva kuti ena ankawafuna.

Mwandifunsanso ngati ndikuvomera kuti ndinasankha molakwa. Ayi. Pa ulimba, a ulusi wofiira ndiwo abwino, ndipo a ku Blantyre abwere kuno adzanditsutse ndili ndi ulimba wanga patsogolo. Hilario musamumange, anangomvera mkulu monga analeledwera, kenaka anachita manyazi. Koma Luisa asagonenso m'chitolokosi muno pofuna kuteteza khutu langa, silinamupemphe. Mutulutseni mumufunsenso ine ndili pompano. Ndamuuza kale kuti anditchule dzina langa lonse, Lorenso Fombe, mokweza, kuti ndi ine amene ndinaumirira. Msika ukafuna kumva, umve. Sindikwera njinga yanga mpaka atatuluka.

Zimene ndikudziwa ndi zomwezi. Andiwerengera zonse kuyambira pamwamba, ndipo ndi mawu anga.

Chidindo cha chala chachikulu chakumanja: Lorenso Fombe
Wolemba ndi kuwerengera mboni: Konsitebulo Geresomo Tchale