Woimba Amene Anapha Mayi Ake pa Intaneti

Pa siteji ya maminibasi ku Gaza, m'tauni ya Chipinge, kombi inakana kudzaza. Amayi awiri osadziwana anamvana Chinyanja, ndiye wa duku lofiira anatulutsa foni n'kuonetsa wa dengu la mapeyala.

"Amayi, taonani mnyamata uyu. Ndi woimba. Loweruka akubwera kudzafunsira mwana wanga Shylet. Ndimulole?"

"Akuti dzina lake ndani?"

"Prince Romeo. Ali ndi tsamba lakelake pa intaneti. Apa watsamira galimoto yake, apa waima m'munda wake wa tiyi. Kuchokera apa mpaka kuphiri uko!"

"Wake? Munda umenewo ndi wa kampani. Ndathyolamo tiyi zaka makumi awiri ine."

"Nanga galimotoyo?"

"Ya manijala. Mnyamatayo amaitsuka Lachisanu. Chidebe kuseri kwa tayalacho simukuchiona?"

"Maiwe! Koma akamaimba anthu amalira, amayi. Shylet wandiwerengera zonse. Ndi wamasiye, anakula yekha, mayi ake anamwalira iye ali ndi zaka zitatu."

"Anamwalira ndi chiyani?"

"Pamenepo sanalembe."

"Akanalemba, bwenzi nanenso nditadziwa chimene chinandipha. Ameneyo ndi Cyprian, mwana wanga wachitatu. M'mawa uno wadya mbatata kwanga."

"Ndinu mayi ake? Shuwa? Nanga Shylet wangayo nditani naye?"

"Musungeni kunyumba, achemwali. Ine anandipha kuti nyimbo yoyamba iyende malonda. Yachiwiri ikufuna maliro ena, ndipo apongozi ndinu."