Mkono Umodzi Pamwamba pa Mpanda

Abusa ndi amayi busa, akulu ampingo, amayi anzanga a chigwirizano, abale ndi alongo nonse, ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye wathu Yesu. Ndikufuna kuchitira umboni. Mundipirire ndikatalikitsa, pakamwa panga mumapadziwa kale.

Ambiri mumandidziwa kuti ndine mphunzitsi, ndinabwera kuno ku Mlonyeni pa ntchito kuchokera ku Blantyre. Kwathu ndi ku Ndirande. Bambo anga anali dalaivala wa minibasi, ndipo chiwongolero anandigwiritsa ndi iwowo ndili mtsikana. Choncho ndikamakamba za pamsewu musandione ngati mlendo. Ndinakulira pampando wakutsogolo.

Kwathu kuja, abale, pamsewu palibe chibale. Ukaona mpata ulowetse mphuno, ukachedwa wina alowetsa yake. Munthu akakupatsa njira umayamba wadabwa kuti akufuna chiyani. Ndipo hutala kwathu ili ndi ntchito ziwiri basi. Kutukwana, kapena kuitana. Dalaivala akaliza hutala pakhomo pa munthu, ndiye kuti muli wake m'nyumbamo. Ine ndinkaziona ndi maso angawa, anzawo a bambo anga akuliza hutala ku Chilomoni, atsikana n'kumatuluka akukonza mipango. Amayi anga ankati mkazi wa dalaivala azimvetsera hutala kuposa mawu a mwamuna wake.

Ndiye ndabwera kuno, Mulungu wandipatsa banja. Abambo akwathu ndi awo akhala apowo, akuyang'ana pansiwo. Mwana wa konkuno, ali ndi kapikapu kawo konyamula mtedza ndi anthu kupita ku Kamwendo masiku a msika. Nditayamba kukwera nawo, kayendetsedwe kawo kanandisokoneza mutu. Akaona amayi asenza ndowa amachepetsa liwiro, ati fumbi lingagwere m'madzi. Akapeza ngolo amayenda pambuyo pake ngati ali pa mdipiti wa ukwati. Akaona masamba pamsewu amazimitsa wailesi ndi kuvula chipewa, ngakhale maliro ake sakuwadziwa. Tsiku lina pa tala, lole ya ku Zambia inayatsa indiketa ya kumanja koma osakhota. Ine ndikuti tadutsani, munthuyu waledzera. Iwo akuti ayi, akutiuza kuti kutsogolo kukubwera galimoto. Ndinangoti chabwino, dziko lililonse ndi kayendedwe kake.

Zonsezo ndinazimeza. Chimene chinandikanika kukhosi ndi ichi. Pa msewu wafumbi wopita ku Kamwendo, mukangotsika kachitunda kaja, pali mtengo wa mango, ndipo patsogolo pake pali nyumba ya mpanda waudzu. Abambo akwathu akafika pa mango paja amachotsa phazi, n'kuliza hutala kawiri. Pi, pi. Akatero amayenda pang'onopang'ono, maso ali kumpanda. Ndiye pamwamba pa mpanda pamatulukira mutu wa mzimayi, n'kukweza mkono. Akaona mkono uja, abambo akwathu amagwedeza mutu, kenaka n'kuponda moto.

Ulendo woyamba sindinalabadire. Wachiwiri ndinamuyang'anitsitsa mzimayiyo. Woyera bwino, abale, wa khosi lalitali, wooneka wamng'ono kwa ine. Wachitatu ndinafunsa. Iwo anangoti pali wodwala pamenepa. Ndinati wodwala wake uti, amene wamanga mpango watsopanoyu? Ndi matenda anji ochizika ndi hutala? Abambo akwathu anaseka. Amayi anzanga, mukudziwa inu mmene zimawawira mwamuna akaseka iwe ukufunsa zenizeni. Atatha kuseka anati tidzapatuke tsiku lina mukaone nokha, nkhani yake si yokambira pamsewu pali anthu. Ine ndinati ayi zikomo, sindinabwere kuno kudzaonetsedwa mkazi mnzanga.

Kuyambira pamenepo mtendere unandithawa. Akasamba m'mawa, ndimati akusambira ku mango. Akasita malaya, ndimati ndi a ku mango. Akachedwa ku msika, ndimanunkhiza mpando wa galimoto. Foni yawo ndinaisanthula iwo ali kubafa, osapezamo kanthu, ndiye ndinati eya, ochenjera, n'chifukwa chake amalankhulana pa hutala. Kusapeza umboni kunasanduka umboni. Ndimabwera muno Lamulungu, inu mukuimba, ine ndikuyang'ana amayi mmodzimmodzi kuti ndani akudziwa nkhaniyi koma akundibisira. Wina akandimwetulira ndimati akundiseka. Wina akandipatsa moni wautali ndimati akundimvera chisoni.

Ndinafunsako mayi wina woyandikana naye nyumba, sindimutchula. Ndinangoti, kodi pa mango paja pamakhala ndani? Anapumira m'mwamba, n'kuti, mayi ameneyo asiyeni, ali ndi mtanda wake. Basi, n'kusintha nkhani. Lero ndikudziwa kuti kuno matenda ena simuwatchula, mumamuphimba munthu ulemu. Koma tsiku limenelo ine ndinamva kuti mudzi wonse wagwirizana kumubisa.

Kenaka tsiku lina ndinakwera kabaza wa njinga yamoto kupita ku boma. Tafika pa mango, nayenso pi, pi. Mkono uwo pamwamba pa mpanda. Pobwerera tinatsatana ndi lole ya fodya, nayonso chimodzimodzi. Munthu wanzeru akanati apa pali china chake. Ine ndinati kalanga ine, si wa mwamuna wanga yekha, ndi wa msewu wonse. Mantha a matenda anandigwira. Ndinasamuka pabedi n'kumagona pamphasa ndi mwana. Ndinaimbira amayi ku Ndirande kuti andikonzere chipinda, sukulu zikangotseka ndikubwera. Chikwama ndinalongedza, ndinachikankhira kunsi kwa bedi. Abambo akwathu anayesa kuiyamba nkhaniyo kangapo, ine ndimatuluka panja kapena kukweza wailesi. Banja langa linali litatha, abale, chinangotsala n'kutsanzikana.

Sukulu zinatseka. Sabata yomwe ndimati ndinyamuke, abambo akwathu anagwa ndi malungo. Tsiku la msika lafika, amayi aunjika matumba a mtedza pakhomo, dalaivala ali gone, akunjenjemera. Ndinati bweretsani makiyi, ndiwaperekeza ndine. Ndikutuluka, abambo akwathu anandiitana ndi mawu ofooka.

"Amake mwana, pa mango paja musaiwale hutala. Chonde. Kawiri."

Abale, ndinamva ngati andithira madzi otentha. Munthu thupi lili moto, phala akukana, koma wa ku mango sanamuiwale, mpaka kundituma ine kuti ndikamuperekere moni. Ndinatseka chitseko mwamphamvu. Mumtima ndinati lero wa ku mangoyo aona kuyendetsa kwa ku Ndirande, adya fumbi mpaka madzulo.

Tinanyamuka, amayi ali pamwamba pa matumba kumbuyo. Tatsika kachitunda kaja, mango ndi awo. M'malo mochotsa phazi ine ndinaponda. Amayi kumbuyo anayamba kumenya denga la galimoto, akukuwa kuti hutala, aphunzitsi, hutala. Ine ndinati onani, ngakhale awa ali mbali yake. Dzanja langa linali pa chiwongolero, hutala ili pomwepo pansi pa chala, koma ndinakana.

Ndiye pachipata cha mpanda uja panatuluka munthu. Osati mzimayi uja. Bambo wamkulu, wamtali, wavala jekete ndi kapusi, pansi alibe nsapato. M'manja wagwira chivundikiro cha poto, akuchizunguza chonchi ngati chiwongolero. Sanayang'ane uku kapena uku. Analowa pakati penipeni pa msewu, akumwetulira, akubwera molunjika galimoto ngati akulandira mlendo.

Sindikudziwa kuti phazi langa linafika bwanji pa buleki. Sindikudziwa. Pa mchenga ngati uja, ndi katundu ngati uja, galimoto siima, bambo anga anandiphunzitsa zimenezo. Ndinangokuwa kuti Yesu. Galimoto inaseseleka, inapita cham'mbali, matumba anagwa, amayi analira, fumbi linatseka paliponse. Kenaka zii. Fumbi litatsika ndinaona bambo aja ali chilili, mawondo awo atakhudza chitsulo chakutsogolo. Anasisita boneti ngati akusisita ng'ombe yawo, n'kunena kuti mwachedwa anyamata, katundu wa ku Chipata akudikira.

Mzimayi uja anatulukira akuthamanga, thovu la sopo lili m'manja, chitenje chikugwa. Anawagwira bambo aja pamkono, n'kuwayang'ana thupi lonse ngati avulala. Ine ndinatsika ndikudikira kuti anditukwane, chifukwa kwathu zikatere umatukwanidwa mpaka agogo ako. Koma iye anagwada pafumbi pomwepo, dzanja limodzi ali chigwirire amuna ake.

"Pepani amayi. Sindinaimve hutala. Ndinali kuseri ndikuchapa, kapena makutu angawa ayamba kufa. Mundikhululukire, ndikanakupalamulitsani."

Akupepesa ine. Ine amene sindinalize.

Anandilowetsa kumpanda kuti ndikhale pansi. Ndi mmene anandifotokozera. Amuna akewo anali dalaivala wa malole, ankayenda Lilongwe, Mchinji, Chipata. Anachita ngozi, mutu unavulala, ndipo chibwerere kuchipatala nzeru sizinabwererenso. Sachita ndewu, savuta kudya. Koma akangomva injini amati lole yawo yabwera, amanyamuka kupita kumsewu. Kuwamangirira iye anakana, ati si mbuzi, ndi bambo a ana ake. Ndiye madalaivala a msewu uno anapangana okha kuti aliyense akafika pa mango aziliza kawiri ndi kuchepetsa liwiro, kuti iye asiye chimene akuchita athamange akawagwire. Akawagwira amawakhazika pa mpando kuseri kwa mpanda, n'kukweza mkono. Mkono umenewo umatanthauza kuti ndawagwira, dutsani.

Abale, miyezi yonse ija ine ndinkaona mkono umodzi, wa pamwamba pa mpanda. Winawo, umene unali pansi utagwira mwamuna wodwala, sindinkauona. Ndinamuweruza mzimayi ameneyu ndi mkono umodzi. Ndinamutcha mayina amene sindingawatchule m'nyumba ya Mulungu, pamene iye akuthamanga tsiku lonse pakati pa mtondo ndi chipata, chaka ndi chaka, osadandaula.

Ndinamuuza zoona pomwepo. Ndinati makutu anu ali bwino, hutala sindinalize, ndipo ndinachitira dala. Ndinamuuzanso chifukwa chake. Iye anaseka mpaka misozi, akuti ine, chibwenzi? Nthawi yake iti? Ngakhale kusamba ndimasamba khutu lili kumsewu. Tinaseka tonse, kenaka tinalira tonse, amayi a mtedza aja akutola matumba awo panja, akung'ung'udza kuti aphunzitsi a ku Blantyre atipha.

Nditabwerera kunyumba ndinapeza abambo akwathu adzuka, akhala pakhonde ndi bulangete, akuyang'ana kumsewu. Funso lawo loyamba silinali la galimoto kapena la mtedza. Anafunsa ngati ndinaliza. Ndinagwada, ndinawauza zonse. Ndinasolola chikwama kunsi kwa bedi n'kuwaonetsa. Anati chikwamachi anachiona kalekale posesa, ankangopemphera. Anatinso bambo a pa mango aja ndi amene anawaphunzitsa kuyendetsa galimoto, n'chifukwa chake nkhani yawo imawalemera pakamwa. Ndinawafunsa kuti nanga tsiku lija munasekeranji? Akuti amaganiza kuti ndikuchita nthabwala. Abambo muli muno, mkazi akafunsa, muziyankha bwinobwino, kuseka kumapasula nyumba.

Taganizani, abale, Mulungu akanapanda kugwira galimoto ija. Lero ndikanakhala kundende, magazi a munthu wosalakwa ali pamutu panga. Mayi uja akanakhala wamasiye, akudziimba mlandu kuti sanamve hutala imene sinalire. Mwana wanga akanakula opanda mayi, opanda banja. Zonsezo chifukwa ndinabwera ndi makutu a ku Ndirande pa msewu wa ku Mlonyeni. Koma Ambuye anaponda buleki pamene phazi langa linali litachedwa. Anapulumutsa moyo wa bambo aja, anapulumutsa banja langa, anandichotsa munga umene unkandibaya usana wonse. Chikwama chija ndinamasula. Pabedi ndinabwerera, amayi musaseke, ndi umboni womwewo.

Masiku ano ndikadutsa pa mango ndimaliza kawiri, ndipo Loweruka ndimapatuka, ndimakhala ndi bambo aja kuti mnzanga apite kumsika ngati anthu ena. Amandiphunzitsa kusintha magiya pa chivundikiro cha poto, akuti ndimathamanga kwambiri. Sindiwatsutsa.

Lero ndawatenga onse awiri pa galimoto, ali muno. Anaphiri, mnzanga wa pa mango, muli kumbuyo uko pafupi ndi chitseko, musachite manyazi. Ndikupempheni mukweze mkono uja mpingo uuone. Umodzi womwewo, winawo ndikudziwa uli pa ntchito. Mwauona, abale? Umenewo ndi mkono umene ndinkati ukundilanda mwamuna.

Zikomo Yesu. Zikomo abusa pondipatsa mpata. Tsopano imirirani musangalale nane, amayi lulutirani, ndipo Amen wake tinene kawiri, amve mpaka pa mango.