Chipanda chimene ndinakhuthulira pansi

Inu owerenga makalata pa wailesi, kalatayi muiwerenge yonse, musandibisire manyazi. Ndine mlimi wa mbatatesi kuno ku Tsangano.

Kuseri kwa msika kuli kabaraka ka malata akutha komwe timamwa masese otchipa, chipanda chimodzi kuzungulira tonse. Loweruka lina madzulo munalowa akumpadre anga, amene anaimira mwana wanga pa ubatizo. Kanali koyamba kuoneka pagulu chiikireni maliro a akazi awo. M'mudzi munali manong'onong'o akuti anawapha okha kuti akhwimire ulimi, poti chaka chimenecho anakolola kuposa tonsefe. Ine mbatatesi zanga zinali zitapsa ndi chiwawu.

Anadzakhala pafupi nane podziwa kuti ndine wawo. Atamwa, anandipatsira chipanda ndi manja awiri. Ndinachilandira n'kukhuthulira mowa wonse pansi.

"Akumpadre," ndinatero mokweza, "adubu, feteleza amene wakubalitsirani mbatatesi chaka chino, si uja tinakakwirira kumandayu?"

Anthu onse anafa nalo phwete. Akumpadre anandiyang'ana n'kungoti, "Inunso?" Anatola chipewa chawo n'kutuluka.

Mphekeserayo sindinaikhulupirirepo. Mayi aja ndinawatengera ndekha kuchipatala pa njinga yamoto, ndinaona m'mene anadwalira. Inali nsanje basi.

Pano akumpadre anawoloka malire n'kusamukira kwa achibale ku Malawi, munda wawo wamera tchire. Mwana wanga amafunsa kuti abwera liti. Koma ku baraka kuja, mowa ukakoma, anzanga amati ndibwereze nthabwala ija. Ndipo ine, Mulungu andikhululukire, ndimaibwereza.