Chikepe cha M'bafa

Chipumireni pa ntchito yometa, a Lumo ankangovina okha m'nyumba, chifukwa mwana wawo wamkazi anawaitana kuti iwo ndi mayi ake akakalambire kwa iye, kumzinda waukulu wa kunja, m'nyumba yosanja yokwera pa chikepe. Koma mwanayo anachenjeza pafoni: "Ababa, kuno m'chikepe anthu sapatsana moni. Ngati pakamwa simutseka, bola mutsale." Kuuza zimenezo munthu wopatsa moni ngakhale galu wa eni!

M'mawa mwake anakokera akazi awo m'bafa, chitseko gwa!

"Ichi ndi chikepe," anatero maso akuwala. "Inu simundidziwa. Yang'anani kudenga mpaka tifike. Ndikakhala chete, basi ulendo ulipo!"

"Mpaka tifike?"

"Mpaka tifike."

Mayiwo anakumbatira ndowa ngati chikwama, nayang'ana kudenga. A Lumo anadina swichi ya getsi, naimirira njo! Milomo inayamba kuwayabwa nthawi yomweyo.

"Kunjaku kwatentha, eti?"

Zii.

"Umenewo si moni, amayi, musandilembe. Ndi nyengo chabe."

Zii.

Maso a mmisiri sapuma pa ntchito. "Komatu tsitsi lanu kumbuyoku lakula. Nditangodutsitsa sizasi pang'ono..."

"Bambo inu, ndikuwa," anatero mayiwo akufinyikira kukhoma.

"Iii! Kukuwira ine? Mwamuna wanu?"

"Mwamuna wanga ndamusiya pansi."

A Lumo anaseka mpaka kuomba m'manja. "Ha! Mwakhoza! Ndiye zakunja zimenezo! Chabwino, tafika, tulukani."

"Sitinafike."

"Ndati tafika!"

"Chanyamuka nthawi yanji? Ine sindinamve chikusuntha."

"Chisunthe bwanji? Ndi bafa ili!"

"Ndiye sitinafike."

Apo fungo linalowera pansi pa chitseko. A Lumo ananunkhiza. "Mayo! Mkaka tinausiya pamoto uja wapserera!"

"Mwadziwa bwanji za mkaka wanga? Kodi mumasuzumira m'nyumba za anthu?"

"Wanga womwe! Wa tiyi wanga!"

"Pepani, zapabanja panu sindilowerera."

"Amayi a mwana, tandiyang'anani! Ndine ndemwe uja ndinakumetani tsitsi tili achinyamata, ndikunjenjemera mpaka kukudulani khutu!"

Mayiwo anagwira khutulo, naliphimba ndi mpango. "Akuba amafufuzadi."

Kuseka kuja kunawathera a Lumo. Anayang'ana khoma, anayang'ana ndowa, anayang'ana chibwano cha mkazi wawo choloza kumwamba. Mantha enieni anawagwira. Anadziona ali kumzinda kuja, m'mawa ndi madzulo, kukwera ndi kutsika pakati pa anthu oyang'ana kudenga, popanda ndi mmodzi yemwe womufunsa za ana, za mwendo, za mpira wadzulo.

"Mwadzuka bwanji, amayi?" anakuwa. "Mwadzuka bwanji! Kunyumba ali bwanji? Ana? Nanga msana uja? Eya, ndapereka moni, ndimangeni!"

Anatsegula chitseko ndi mphamvu, utsi wa mkaka nuwalandira.

"Ndalephera, ndipo ndanyadira! Kumeneko ine sindipondako. Ndingafe ndi mawu m'mimba. Muimbireni mwanayo, mumuuze kuti sitibwera!"

Mayiwo anatsitsa maso pang'onopang'ono. Nkhope inali mbee, ngati ya munthu wochokera kokapuma.

"Kodi kumeneko ndi mmene zimakhalira tsiku lililonse? Munthu kuima phee, wopanda womufunsa kanthu?"

"Tsiku lililonse! Tangoganizani nkhanza zake!"

"Ndiye mumuimbire nokha, abambo, munene kuti inuyo simubwera," anatero akukokanso chitseko. "Ine chikwatiwireni makutu anga sanapumepo ngati lero. Tsekani, ndikupitirira pamwamba."