Golovesi ya Apongozi

Pasiteji ya basi ku Vranje, Milorad ankangoyang'ana golovesi yaulusi yong'ambika pakati. Mayi wina amene anakhala pambali pake analephera kupirira.

"Ndi galu wachita zimenezo, bambo?"

"Macheka amagetsi, mayi. Ndimadula nkhuni za m'chisanu, manja atauma ndi kuzizira, ndiye ndinavala. Mano ake anakola ulusi n'kukoka."

"Munthu wamkulu ngati inu, kuvala golovesi pa macheka? Tandionetsani zalazo."

Milorad anatambasula dzanja.

"Zonse zilipo. Golovesiyi inangovuka yokha. Apongozi anga amaluka zazikulu ngati za chimbalangondo, ndipo ine chaka chilichonse ndimawaseka."

"Ikanakhala yokukwanani bwenzi tikunena zina. Ndiye pano mukulowera kuchipatala?"

"Ayi, kwa apongoziwo. Ndikawapsompsone dzanja."