Bowa wa Pansi pa Mtondo: Mbiri ya Malemu a Elifala Chisale

Malemu atsibweni anga, a Elifala Chisale, anabadwa pa 9 Malichi 1931, kuno kufupi ndi Malomo. Mafumu, abusa, a tcheyamani a chipani ndi nonse anamfedwa, ine ndine Faines, mwana wa mlongo wawo. Andiimika pano chifukwa pabanja pathu wotha kulemba ndine ndekha, ngakhale ndinalekezera Sitandade 5. Agogo aamuna, a Stefano, anandiuza zoti ndilembe. Zina ndalemba monga ananenera, zina ayi. Mumva nokha.

Mu 1940 malemu anayamba sukulu ya mishoni, koma anasiyira Sitandade 2. Amayi anga amati sanali mbuli ayi, kungoti nthawi ya dzinja ankazemba m'kalasi kukazula bowa, mpaka aphunzitsi anatopa nawo.

Mu 1956 anakwatira a Kezia Nangozo a ku Chezi, n'kuwatenga chitengwa kudzakhala kuno kuchimuna. Akuti anakomana pamsika akukangana za bowa wa ndelema, wina akuti ndi wa lero, wina akuti wagona. Mkanganowo sunathe, koma sindinamvepo mbama ikulira m'nyumba mwawo, chonsecho ine zapamudzi sizindiphonya.

Mu 1968 kunabwera mzungu wofufuza za bowa m'nkhalango ya Ntchisi, uja tinkamutcha a Chipewa. Analemba malemu ntchito yowalondolera. Enanu munkaseka kuti bambo wamkulu akugwada pansi pa mitengo ngati mtsikana wotola masuku. Ntchito ya malemu inali iyi: akapeza bowa, sankangozula. Ankafukula pang'onopang'ono kutsata timaulusi toyera mpaka pamene takulunga muzu wa mtengo. Amati bowa wotere ndi mtengo wake amadyetsana, ndiye chifukwa chake mukadula msuku, bowa wa kamsuku samameranso, ndipo manyame simungawapeze m'mabulugama. Bowa aliyense ankamuumitsa, n'kumukulunga m'nyuzipepala pamodzi ndi tsamba la mtengo wake, wa mombo payekha, wa msuku payekha. Akuti wina analibe dzina m'mabuku onse a kwawo kwa mzunguyo, ndiye ankatumizidwa kunja kuti akamutche dzina.

Mu 1973 a Chipewa anathamangitsidwa m'dziko muno. Chifukwa chake sindichidziwa, ndipo sindikufunsa. Anyamata a chipani anafika pakhomo pano n'kunena kuti ntchito ija ithe, asadzamvenso dzina la munthu ameneyu.

Apa ndi pamene a Stefano anati ndilumphe, ndingolemba kuti malemu anadwala atadya ndiwo za kunyumba kwawo. Agogo, pepani, musandiyang'ane choncho. Mawu amenewo anthu ayamba kale kuwatanthauzira. Dzulo kuchitsime ndawamva amayi ena, sindiwatchula koma akhala kumbuyoko, akuti a Nangozo anathira mankhwala m'ndiwo, ndiye likangotha tsiku lometa alongedze abwerere ku Chezi, ana awasiye. Ena afika kale powerengera mbuzi. Mukufuna kuti mlandu ugwere mayi wobwera chifukwa mukuopa kunena kuti malemu sanasiye ntchito ija.

Sanasiye. Dzinja lililonse ankakwerabe phiri, akunamizira nkhuni. Panalibe wowatuma, panalibe kalata, panalibe ndale. Ankangoti bowa wa pansi pa mitondo anali asanamumalize kumusanja. Timaphukusi ankatisomeka kudenga la chigafa, kuseri kwa fodya.

Pa 14 Januwale chaka chino cha 1975, ine ndinali kuphiri komweko ndi dengu langa. Ndinawapeza atagwada pansi pa mtondo, atafukula bowa wofanana ndi ndelema, koma chipewa chake chotuwa mobiriwira. Anati sanamuonepo chibadwire. Nkhope yawo inawala ngati alandira mwana. Ndinawauza kuti amutaye, iwo n'kunditcha Namiseche, kuti ndizisamala za dengu langa. Anandionetsa pamene nkhono inadya, ndi pena pamene panaluma kamba. Tonse pano tinakula tikumva kuti chimene kamba wadya, munthunso angadye. Iwonso anakhulupirira zomwezo. Anakoleza kamoto, n'kuwotcha mmodzi, n'kudya kuti adziwe ngati amuike kumbali ya wodyedwa. Ine anandimana, akuti woyamba kulawa azikhala mmodzi. Tsiku limenelo a Nangozo anali kumaliro ku Dzoole, ndipo ambiri munali nawo. Ndiwo za madzulowo anaphika ndi amayi anga, unali nkhwani, tinadya tonse.

M'mawa mwake malemu anayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba. Kenaka anapezako bwino, mpaka anapita kukapalira, ife n'kumati zatha. Posakhalitsa maso anachita chikasu. Tinawanyamula pangolo kupita kuchipatala, ndipo a Nangozo ndi amene ankawatembenuza ndi kuwasambitsa. A dokotala atafunsa chimene anadya, akuluakulu onse anangoti duu. Inenso ananditsina kuti ndisayankhule. Malemu anatisiya pa 21 Januwale.

A tcheyamani, ndaona mwatumiza mnyamata panjinga kuti akanene zimene ndaulula pano. Timaphukusi tija tikadali m'chigafa, mukatsegule pamaso pa anthu. Mupezamo bowa wouma ndi masamba, basi. Ngati pali mafunso, wofunsidwa ndine, poti ndinaona ndi maso anga. A Nangozo sanakwereko phiri limenelo.

Malemu asiya akazi awo, a Kezia Nangozo, amene nyumba iyi anamanga nawo limodzi. Asiya ana anayi: Yoswa, Marita, Roza ndi Mose amene akuyamwa. Asiya mlongo wawo, amayi anga a Hana, ndi atsibweni awo a Stefano.

Tikuthokoza adzukulu amene akumba manda m'mvula, amayi a mvano amene agona pano akuimba, ndi eni ngolo. Tikuthokozanso abale a ku Chezi. Ndamva kuti mwabwera ndi mitanga yopanda kanthu yoti munyamuliremo katundu wa mwana wanu. Mubwerere nayo choncho.

Atsibweni, gonani mumtendere. Amayi anga andiuza pompano ndi maso kuti mwambo ukatha ndisakhale ndekha, ndiye ndikakhala pamphasa pambali pa a Nangozo. Ondifuna andipeza pomwepo.